Kuphunzitsa mbiri yakale: ntchito zimene ophunzira a ku sekondale angagwire okha

Wophunzira wa ku sekondale amatha kuloweza kuti John Chilembwe adaukira atsamunda pa 23 Januwale 1915, n'kukhoza funso limeneli pa mayeso, koma osatha kufotokoza chimene chidachititsa m'busa wa mpingo kutenga zida. Umu ndi mmene zimakhalira phunziro la mbiri yakale likangokhala lokopera manotsi pa bolodi. Akatswiri a mbiri akafuna kudziwa zakale amafufuza umboni, amauyerekeza, kenaka amagamula. Mwana wa zaka 14 mpaka 18 angathe kuchita zomwezo pa msinkhu wake, ndipo ntchito zambiri zotere sizilira ndalama.

Kufunsa akuluakulu

Mbiri yambiri ya dziko lino idakali m'mitu ya anthu. Mphunzitsi amagawa ophunzira m'magulu a anthu anayi kapena asanu, gulu lililonse n'kusankha nkhani imodzi: ulendo wa ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kapena riferendamu ya pa 14 Juni 1993 pamene anthu adasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Ophunzira amakonzeratu mafunso m'kalasi, amapempha chilolezo kwa wofunsidwayo, ndipo amalemba kapena kujambula mawu ake pa foni.

Mafunso abwino ndi amene amamupatsa munthu mpata wofotokoza. Kufunsa gogo kuti "Kodi munkavutika?" kumabweretsa yankho la mawu amodzi, pamene "Tafotokozani mmene tsiku lovota lidayendera kumudzi kwanu" kumatsegula nkhani yonse. Ophunzira ayeneranso kufunsa kuti adziwe zimene gogoyo adaona ndi maso ake ndi zimene adangomva kwa ena.

Ntchito imeneyi siyofunika kuizengereza. Munthu amene anali ndi zaka 12 mu 1959 adabadwa mu 1947, ndipo mboni za nthawi imeneyo zikucheperachepera chaka ndi chaka.

Kuyerekeza maumboni awiri

Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo atsogoleri a Nyasaland African Congress, kuphatikizapo Dr Hastings Kamuzu Banda, adamangidwa. Ku Nkhata Bay asilikali adawombera khamu la anthu limene lidasonkhana pa doko pomwe omangidwawo adawakweza m'sitima ya Mpasa. Lipoti la komiti yofufuza imene ankaitsogolera woweruza Patrick Devlin lidati anthu 20 ndiwo adafa pamalopo, pamene anthu a ku Nkhata Bay amatchula chiwerengero choposa 30.

Kusiyana kotereku n'kumene kumaphunzitsa. Mphunzitsi amapereka nkhani zonse ziwiri, ophunzira n'kuyankha mafunso anayi: adanena ndani, adanena liti, ankauza yani, nanga akadapindula chiyani pochepetsa kapena kuwonjezera? Pomaliza gulu lililonse limalemba ndime imodzi yonena chimene likukhulupirira ndi chifukwa chake. Luso lomweli ndi limene wachinyamata amafunika akalandira uthenga wokayikitsa pa WhatsApp kapena pa Facebook.

Bwalo lofufuza m'kalasi

Chilembwe ataphedwa pa 3 Febuluwale 1915, boma la atsamunda lidakhazikitsa komiti yofufuza chimene chidayambitsa kuukirako. Kalasi ingathe kuyitananso komiti imeneyi. Ophunzira atatu amakhala oweruza, ena amakhala mboni: mlimi wogwira thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, mkhristu wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, mzungu wa esiteti, mmishonale wa ku Blantyre, ndi mayi amene mwamuna wake adatengedwa kukanyamula katundu ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Mboni iliyonse iyenera kuwerenga kaye ndi kulankhula zokhazo zimene zili ndi umboni: msonkho, thangata, kuwotchedwa kwa matchalitchi a Chilembwe pa malo a Bruce, nkhanza za William Jervis Livingstone amene ankayang'anira esitetiyo, ndi kalata imene Chilembwe adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 yodandaula za kulowetsa Aafirika m'nkhondo ya azungu. Amene akusewera mzungu sakuvomereza zochita zake, akungothandiza anzake kumvetsa mmene anthu otero ankaganizira. Sewero likatha, mphunzitsi asunge mphindi khumi zokambirana kuti ana asiyanitse zimene zidachitikadi ndi zimene anzawo angokometsera.

Chingwe cha zaka ndi mapu

Chingwe chomangidwa kuchokera ku ngodya ina ya kalasi kufika ku ina chimasanduka mzere wa nthawi. Ophunzira amapachikapo timapepala: 1859 David Livingstone afika ku nyanja, 1891 Britain itenga dziko lino, 1944 Congress ikhazikitsidwa, 1953 chitaganya chiyamba, 1964 ufulu wodzilamulira, 1994 chisankho cha zipani zambiri. Chofunika ndi kusunga muyezo umodzi, monga chikhatho chimodzi kuyimira zaka zisanu. Apo mwana amaona ndi maso kuti kuchokera pa Chilembwe kufika pa ufulu padapita zaka 49, pamene kuchokera pa 3 Malichi 1959 kufika pa 6 Julaye 1964 padangodutsa zaka zisanu.

Mapu nawo angajambulidwe pansi pa bwalo la sukulu ndi phulusa ndi miyala. Ophunzira amatsata njira ya akapolo kuchokera kwa Jumbe ku Nkhotakota, kuwoloka nyanja mpaka ku Kilwa, kapena ulendo wa Angoni a Zwangendaba amene adawoloka Zambezi mu 1835.

Ulendo wokaona malo

Sukulu za ku Blantyre zili pafupi ndi nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri ndi Mandala House, imene idamangidwa mu 1882. Ku Zomba kuli National Archives kumene amasunga makalata akale a boma. Ku Dedza kuli zojambula za m'mapanga a Chongoni, malo 127 amene bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ku Karonga kuli nyumba yosungiramo mafupa a Malawisaurus.

Sukulu imene ilibe ndalama ya galimoto ingayambire pafupi: tchalitchi kapena mzikiti wakale, siteshoni ya njanji, ngakhale buku lakale la mbiri ya sukulu yomweyo. Ulendo umapindula ngati mwana aliyense wanyamula funso loti akayankhe, ndipo pobwerako alembe zimene wapeza.

Zofunika kusamala

Kalasi ikakhala ya ana ochuluka, ena amabisala m'gulu. Njira yake ndi kupatsa aliyense udindo: wofunsa, wolemba, wosunga nthawi, wofotokozera kalasi. Atsikana apatsidwe maudindo olankhula mofanana ndi anyamata.

Nkhani zina zidakali zilonda. M'kalasi imodzi mungakhale mdzukulu wa amene adatsekeredwa ku Mikuyu ndi mdzukulu wa amene anali wa Payoniya, kapena ana a mitundu imene idagulitsana ukapolo. Lamulo likhale lakuti mwana sayankha mlandu wa makolo ake, ndipo dzina la wofunsidwa lisatchulidwe iye akakana.

Aphunzitsi ambiri amaopa kuti ntchito zotere zidya nthawi yomalizira silabasi ya MSCE. Ntchito imodzi yaikulu pa teremu ndi yokwanira, bola ichokere pa mutu umene uli kale m'silabasi, ndipo ithere pa chimangirizo chimene mwana aliyense walemba yekha, chonena zifukwa ndi zotsatira monga mafunso a MANEB amafunira.