Wansembe Wopanda Manda: Za Imfa ya Bambo Gonçalo da Silveira

Nkhoswe ya mzinda wa Tete, umene eni dziko amautcha Nyungwe, ndi São Tiago Maior, ndiye kuti Yakobo Woyera Wamkulu, mtumwi uja amene mfumu Herode Agripa inamupha ndi lupanga ku Yerusalemu. Apwitikizi amene anadza ndi dzinali m'mbali mwa Zambezi anachokera ku dziko kumene manda a anthu oyera anali chinthu chachikulu koposa. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 800 Episkopi Teodomiro analengeza kuti manda a Yakobo apezeka ku Compostela. Mfumu Alfonso II inamangapo tchalitchi, ndipo kuyambira pamenepo akhristu a ku Ulaya ankayenda miyezi yathunthu wapansi kuti akagwade pamalopo. Mafumu nawonso ankafuna kugona pafupi ndi guwa la nsembe. Afonso Henriques, mfumu yoyamba ya Portugal, amene anamwalira m'chaka cha 1185, anaikidwa m'nyumba ya amonke ya Santa Cruz ku Coimbra. Mumzinda womwewo wa Coimbra, m'chaka cha 1543, mnyamata wina wa banja lomveka, mwana wa Conde de Sortelha, analowa m'chipani cha Ajezuwiti. Dzina lake linali Gonçalo da Silveira.

Iye anabadwira ku Almeirim m'chaka cha 1526, ndipo mai ake anatsikira kulichete pomubala. Anafika ku Goa m'chaka cha 1556 kukakhala mkulu wa Ajezuwiti onse a ku India, patangopita zaka ziwiri chifikire kumeneko thupi la Francisco Xavier, limene anthu ankakhamukira kukaliona chifukwa silinavunde. Munthu woleredwa pakati pa manda olemekezeka otere ndiye amene sanapatsidwe ngakhale dzenje la mkono umodzi.

Koma asaganize wina kuti kulemekeza manda a akulu kunabwera ndi zombo. Mdominikani João dos Santos, amene anakhalako ku Sofala, ku Sena ndi kuno ku Tete, analemba m'buku lake Ethiopia Oriental, losindikizidwa ku Évora m'chaka cha 1609, za mwambo wa mafumu a Kiteve, abale a nyumba ya Mwene Mutapa. Chaka ndi chaka m'mwezi wa Seputembala, mwezi ukangooneka, mfumu inkakwera phiri limene makolo ake anaikidwapo. Ankakhala komweko masiku asanu ndi atatu akumwa mowa ndi kuvina. Atatha apo ankayamba kulira maliro, kufikira mzimu wa mfumu yakufa utalowa mwa munthu wina, amene ankayankhula ndi mau ake ndi kutsokomola monga momwe inkatsokomolera. Tsono mfumu yamoyo inkatsala naye awiri, nkumufunsa za nkhondo, za njala ndi za mvula. Wansembeyo anaziona zonsezi ngati ntchito za Satana, monga ankaweruzira anthu a nthawi yake. Komabe anazilemba mosamala, ndipo wowerenga bukulo amazindikira msanga kuti kwa Akaranga manda a munthu wamphamvu anali khomo limene mwini wake ankabwererapo kudzalankhula ndi amoyo. Izi zimathandiza kumvetsa zimene zinachitikira mtembo wa Silveira.

Ananyamuka ku Goa mu Januwale 1560 pamodzi ndi Bambo André Fernandes ndi Mbale André da Costa. Anayamba atapita ku Inhambane, kumene anabatiza mfumu Gamba ya ku Tongue ndi anthu ake mazana angapo. Anzake aja anawasiya komweko, iye nkubwerera ku chisumbu cha Moçambique, nalowa m'Zambezi kudzera ku Quelimane. Ku Sena anadikira milungu yambiri chilolezo cha Mwene Mutapa, akuphunzitsa ndi kubatiza akapolo ndi antchito a amalonda. Tete panthawiyo unali kamudzi ka amalonda ochepa, doko limene apaulendo ankasiyirapo mabwato ndi kuyamba wapansi. Kunkakhala Mpwitikizi wina, Gomes Coelho, wodziwa chinenero ndi miyambo ya ku bwalo la mfumu, ndipo ndi iye amene anathandiza kutsekula njira. Silveira anasenza yekha chikho ndi zovala za Misa, nafika ku likulu la Mwene Mutapa cha pa Khrisimasi wa chaka chomwecho.

Mfumu inali mnyamata, Negomo Mupunzagutu. Inatumiza kwa mlendoyo golide, ng'ombe ndi antchito, koma iye anabweza zonse, chinthu chimene chinadabwitsa bwalo lonse, pakuti Mzungu wokana golide anali asanaonekepo. Chimene chinakoka mtima wa mfumu ndi chithunzi cha Namwali Maria chimene wansembeyo anali nacho. Inachipempha, nichiika m'nyumba mwake. Mwezi usanathe mfumu inabatizidwa nitenga dzina la Sebastião, dzina la mfumu ya ku Portugal, mai ake natchedwa Maria, ndipo akuluakulu pafupifupi 300 anatsatira. Kunena zoona, ubatizo umenewu unafulumira. Katekumeni wa masiku ano amaphunzira zaka, pamene mfumu ya dziko lonse inaphunzira masabata atatu kudzera mwa womasulira.

Amalonda achisilamu, amene anakhala akugula golide m'dzikomo Apwitikizi asanafike, anaona kuti msika wao uli pangozi. Iwo anauza mfumu kuti mlendoyo ndi kazitape wa bwanamkubwa wa ku India, ndiponso kuti ndi mfiti yoopsa, yoti madzi amene imathira pamutu pa anthu ndi mankhwala olandira dziko. Mbiri yolembedwa ndi Apwitikizi imasenzetsa Asilamu mlandu wonse, koma nkovuta kukhulupirira kuti akuluakulu a mizimu, amene ankasunga manda a Mutota ndi Matope, anangokhala chete poona mfumu yao ikulandira dzina lachilendo. Ndiponso mantha a bwalo sanali opanda pake konse, monga zaka khumi zotsatira zinaonetsera.

Zimene zinachitika pa 15 Malichi 1561 zikudziwika chifukwa cha kalata ya António Caiado, Mpwitikizi wokhulupirika wa mfumu, ndi ya Bambo Luís Fróis yolembedwa ku Goa chaka chomwecho. Silveira anadziwa kuti aphedwa, ndipo anakana kuthawa. Tsikulo anabatiza anthu ena 50, anamva kulapa kwa Apwitikizi amene anabwera kudzamuona, napereka ziwiya za Misa kwa Caiado kuti zisadetsedwe. Anatsala ndi mtanda wokha. Madzulo anavala mkanjo wake ndi chovala choyera cha pamwamba, nayendayenda pakhomo pa kanyumba kake mpaka pakati pa usiku, akudikira. Atatopa analowa nagona pa mphasa. Pamenepo amuna asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu anamugwera, namukulunga chingwe m'khosi, nakoka uku ndi uku kufikira magazi atatuluka m'mphuno ndi m'kamwa. Anali ndi zaka 35. Antchito awiri a Caiado, amene anabisala pafupi, anaona zonse.

Mtembo anaukoka ndi chingwe chomwecho nkukauponya mu mtsinje wa Musengezi kusanache. Sanafune kuti munthu amene anamutcha mfiti agone m'nthaka ya mafumu, kapena kuti thupi lake liwononge dziko. Mwa njira imeneyi anamumana chimene mbali zonse ziwiri zinkachidziwa mphamvu yake: Akaranga sanafune malo oti mzimu wa mlendo uzibwererapo, ndipo akhristu anasowa mafupa oti awaike pansi pa guwa. Mfumu inalamulanso kuti anthu 50 aja aphedwe, koma akuluakulu anaikaniza, nati ngati kuthiridwa madzi ndi mlandu wa imfa, ndiye kuti iwonso ndi mfumu yomwe ayenera kufa.

Popeza manda panalibe, anthu anawamanga ndi pakamwa. Patapita zaka makumi angapo inamveka nthano yakuti thupilo linakocheza pa chisumbu china, losavunda, ndipo zilombo ndi mbalame zinkalilondera kuti munthu asayandikire. Nthanoyo inalowa m'mabuku a ku Ulaya, koma palibe anabwera ndi fupa ngakhale limodzi. Luís de Camões anamutchula mu Os Lusíadas. Nkhani yoti alembedwe pakati pa Odala inayambika kalekale, koma sinafike pamapeto. China mwa zovuta ndi funso lakuti kodi anafera chikhulupiriro chokha kapena anaferanso ndale za golide.

Imfa yake inasanduka chifukwa cha nkhondo, chinthu chimene mwini wake sanapemphe. Mfumu Sebastião inatuma Francisco Barreto m'chaka cha 1569 ndi asilikali pafupifupi 1,000. Atafika ku Sena, malungo ndi kashembe zinayamba kutha anthu ndi akavalo; iwo anati ndi Asilamu akuthira chiphe, ndipo anawapha mwankhanza zosaneneka. Barreto sanafike konse ku bwalo la Mwene Mutapa. Anamwalira ku Sena m'chaka cha 1573, naikidwa m'kachisi wa São Marçal. Mfumu imene inamutumayo inathera pa nkhondo ya Alcácer Quibir m'chaka cha 1578, ndipo ngakhale ili ndi manda ku Belém, Apwitikizi ambiri kwa zaka mazana sanavomere kuti mafupa ali m'menemo ndi ake.

Silveira si wansembe yekhayo wodutsa pa Tete amene anasowa manda. M'chaka cha 1592 Mdominikani Nicolau do Rosário anaperekeza gulu la nkhondo la kapitao wa Tete, Pedro Fernandes de Chaves, lopita kukathandiza a ku Sena polimbana ndi Azimba. Anawalalira m'nkhalango, wansembeyo anamugwira ali wovulala, namumangirira ku mtengo, namulasa mivi mpaka kufa. Mosiyana ndi awiriwa, Ajezuwiti João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Alves Moreira, amene anaphedwa ku Chapotera m'dziko la Angónia pa 30 Okutobala 1985, mitembo yao inapezeka patapita masiku, ndipo anaikidwa ku Ulongwe, kumene akhristu angathe kukaima ndi kupemphera.

Musengezi amachokera ku Zimbabwe, nalowa m'chigawo cha Tete kudzathira m'Zambezi. Chitsekere damu la Cahora Bassa kumapeto kwa chaka cha 1974, mathiriro akale a mtsinjewo ali pansi pa nyanja, ndipo madzi ake amadutsa m'makina a magetsi ku Songo asanafike pansi pa milatho ya ku Tete.