Nyumba 394 ku Chilenje

Tsiku limene ndinapita ndi ana anga a sukulu ku Chilenje House, mtsikana wina anasuzumira m'cipinda cogona nandifunsa kuti, "Aphunzitsi, pulezidenti anali kugona muno zoona?"

Ndinamuuza kuti panthawiyo sanali pulezidenti. A Kenneth Kaunda analowa m'nyumba nambala 394 mu Januwale 1960, atangocoka kundende, ndipo anakhalamo ndi Mama Betty ndi ana mpaka Disembala 1962. Ndi m'kanyumba kameneka mmene anali kutsogolera UNIP m'masiku a Cha Cha Cha, mu 1961. Panja pali Land Rover imene anayenda nayo pomenyera ufulu. Inatenthedwa pa cipolowe ca mu 1990, anthu atakwiya ndi kukwera kwa mtengo wa unga. Ana anazungulira motokayo nthawi yaitali kuposa cina ciliconse.

Koma cimene cinawadabwitsa kwambiri ndi kucepa kwa nyumba. Ena anaseka. Sanadziwe kuti umu ndi mmene boma la atsamunda linali kumangira anthu akuda mu Lusaka: tizipinda topanikizana, popeza munthu wakuda anali kuonedwa ngati wanchito wodzabwerera kumudzi. Agogo awo ambiri anakulira m'nyumba zotero.

Anawo sangadziwe, cifukwa nyumba zoterozo zikubisika. Mu 1996 boma la a Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za khonsolo kwa amene anali kukhalamo. Munthu akagula nyumba, imakhala yake. Anthu anamanga mipanda ya mabuloko, anawonjezera zipinda kumbuyo, ena anatsegula mashopu ndi mabala kutsogolo. Yendani mu Chilenje lero muone.

Ine sindingawaloze cala. Inenso ndinakulira m'nyumba ya khonsolo, ndipo amayi anagwetsa khichini yakale, nadula mtengo wa mango, kuti amange zipinda ziwiri za lendi. Ndalama za zipindazo ndizo zinandifikitsa ku yunivesite. Cimene cimandiwawa ndi cakuti palibe anajambula nyumbayo isanasinthe.

Conco 394, imene National Heritage Conservation Commission imasamalira cifukwa ca munthu mmodzi, yasunganso maonekedwe a nyumba za anthu wamba amene maina awo sali m'buku lililonse. Titabwerera kusukulu ndinapatsa ana nchito: akafunse wamkulu wa panyumba kuti cipupa coyamba cinali kuthera pati, ajambule papepala. Mtsikana uja anabweretsa pepala lake Lolemba. Agogo ake anamuonetsa kuti cipinda cimene iye amagonamo kale cinali dimba la repu.