Mdindo si mwini katundu

Agogo anga aamuna anali dikoni pa tchalitchi cha kumudzi kwathu. Mapemphero akatha Lamulungu, anthu akumwazikana, iwo ankatsalira m'kachipinda ka kuseri kwa guwa pamodzi ndi anzawo awiri. Ankakhuthulira chopereka patebulo n'kusanja makobidi milumilu: wina awerenge, wina abwereze, wachitatu alembe m'kaundula. Tsiku lina kunagwa chimvula, anzawo aja sanabwere. Agogo anangomanga mbale yonse m'nsalu osawerenga, n'kukaisungitsa kwa mkulu wa mpingo. Nditawafunsa chifukwa chake anangoti, "Mwanawe, ndalama za eni sawerenga uli wekha."

Ndinakula ndikuyesa kuti udikoni umathera pakhomo la tchalitchi. Ndinadzadabwa nditamva kuti m'kalata yake kwa Aroma, mutu 13, Paulo anatchula wolamulira dziko ndi liwu lomweli la Chigiriki, diakonos, lomwe limanena za munthu wotumidwa, woperekera chakudya patebulo. Mabaibulo athu amati mtumiki. Ndipo Paulo sankanena za mfumu yopemphera ayi. Kalatayo anailemba cha m'ma 57, pampando wa ku Roma pali Nero. Ngakhale mfumu yosadziwa Mulungu, kwa Paulo ndi wantchito wa Mulungu, ifune isafune, ndipo wantchito aliyense ali ndi tsiku lokaonekera kwa bwana wake.

Ntchito yake Paulo anaifotokoza mwachidule: kuchitira anthu zabwino ndi kulanga ochita zoipa. Chida chake anachitcha lupanga, lomwe lero tingati ndi apolisi, makhoti ndi ndende. Malipiro ake ndi msonkho. Liwu limeneli ndimalikonda, chifukwa tsinde lake ndi kusonkha, monga timasonkhera ufa ndi nkhuni pamaliro. Chosonkhedwa mwini wake ndi mudzi wonse, ndipo amene wasunga mbale akabisako kangachepe, mbiri yake imafika mpaka kwa zidzukulu.

Koma mawu abwino amatha kubedwa. Thangata poyamba kunali kuthandizana kumunda, lero kwa ine mawa kwa iwe. Azungu a minda ikuluikulu ya kumwera anatenga liwu lomwelo n'kutchula nalo ntchito yokakamiza imene anthu ankagwira ngati lendi ya malo. Nkhanza za thangata ku Magomero n'zina mwa zomwe zinadzutsa Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, mu Januwale 1915. Akhristu mpaka lero amatsutsana ngati mbusa ayenera kugwira chida, koma pa mfundo yoti thangata silinalinso thandizo palibe amene amatsutsa.

Liwu loti boma linabwera ndi alendo. Ambiri tinauzidwa kusukulu kuti ndi zilembo zoyambirira za mawu a Chingerezi, koma akatswiri a zilankhulo amati ndi la Chiswahili, lotanthauza linga kapena mpanda. Atsamunda ankamanga maofesi awo m'linga, anthu n'kumati tikupita ku boma. Mwina n'chifukwa chake mpaka pano boma timaliona ngati chinthu cha kuseri kwa mpanda, cha anthu ena. Mjigo ukathyoka m'mudzi, amayi amabwerera kudambo miyezi itatu akudikira, ati ndi wa boma. Dalaivala akapopa mafuta m'galimoto ya ofesi n'kugulitsa, mnzake amamuuza kuti usadandaule, n'za boma izi. Pakamwa pathu "za boma" zasanduka zinthu zopanda mwini.

Apa m'pamene pamafunika liwu lakale lija loti mdindo. Lero timalimva pawailesi tsiku ndi tsiku: adindo achenjeza, adindo akana kuyankhapo, tikupempha adindo atiganizire. Tikamati adindo timaona anthu a mataye okwera galimoto zazikulu. Koma Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922 pambuyo pa ntchito yaikulu imene anatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, limagwiritsa ntchito liwuli ponena za kapitawo wa m'nyumba ya munthu wina, amene wapatsidwa makiyi a nkhokwe kuti azigawira antchito anzake phoso pa nthawi yake. Makiyi ali m'thumba mwake, koma chimanga si chake. Udindo, tsono, ndi katundu wosungitsidwa. Ngakhale malamulo oyendetsera dziko lino, mu gawo 12, amanena zofanana m'chilankhulo cha maloya: mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo wozigwira amazigwira mosungira eni ake. Mkhristu amangowonjezera kuti pamwamba pa eni amenewa palinso Mwini wina amene adzafunse. Amene amati mbuzi imadya pomwe aimangirira aiwala kuti mdindo sanamangiriridwe pankhokwe ngati mbuzi; anaikidwapo ngati mlonda.

Mawu oopsa kwambiri ndi aja obedwa kuguwa. Mu 1971 Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti Wamuyaya. Taganizirani bwino: muyaya ndi liwu limene timalitchula potseka pemphero, ndipo tinaliveka munthu wa mafupa ndi mnofu, amenenso anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland. Pa ngodya zinayi za nthawi imeneyo, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, panalibe ngodya ya chilungamo. Kumvera kokha ndiko kunalalikidwa, ndipo Aroma 13 ankawerengedwa ngati chikwapu. Koma kumva m'Chichewa n'kwa mbali ziwiri. Mwana amamvera kholo, kholo nalo limamva kulira kwa mwana. Baibulo lomwelo lili ndi anamwino a Chiheberi amene anakana lamulo la Farao lopha makanda, lili ndi Danieli, lili ndi Petro amene anauza bwalo la akulu kuti lamulo la munthu likawombana ndi la Mulungu, la munthu ndilo limagonja.

Pa 8 Marichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona. Inanena za malipiro ochepa a anthu osauka, za kuperewera kwa sukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu ndiponso za mantha olankhula. Boma linati kalatayo ndi youkira, Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka inatenthedwa. Maepiskopiwo sanapemphe mpando. Anagwira ntchito imene Baibulo limaitcha uneneri, yomwe si kulosera nambala ya foni ya munthu monga tikuonera masiku ano, koma kuima pamaso pa mfumu monga Natani anaimira pamaso pa Davide pa nkhani ya mkazi wa Uriya. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa riferendamu n'kusankha zipani zambiri.

Chipani chimodzi chinatha, koma chizolowezi chodzoza andale sichinathe. Bingu wa Mutharika tinamutcha Mose wa lero. Mtsogoleri aliyense amapeza alaliki ake omuuza kuti ndi wodzozedwa, wosayenera kumuloza chala. Iwo amaiwala kuti Sauli anadzozedwa ndi mafuta enieni, koma ufumu anaulandidwa. Kudzoza m'Baibulo kunali kumusenzetsa munthu ntchito, ndipo Deuteronomo 17 amaikiratu malire: mfumu isadzikundikire akavalo, akazi, siliva ndi golide, iziwerenga chilamulo masiku onse, isadzione yoposa abale ake. Makolo athu ankadziwa zomwezi. Polonga ufumu, akuluakulu amayamba amukhazika pansi mwini mpandoyo n'kumulangiza, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Anzathu a ku Zambia anapita patali: pa 29 Disembala 1991 Frederick Chiluba analengeza kuti dziko lawo ndi lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'malamulo a dzikolo. Kuno, mu 2020, tinasankha Lazarus Chakwera, amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kwa zaka zoposa 20, ndipo mawu oti utsogoleri wotumikira anamveka ponseponse. Aliyense ali ndi chigamulo chake pa maulamuliro amenewa, ndipo sindikufuna kulanda ntchito ya ovota. Changa n'chakuti dzina la Yesu pachikwangwani kapena kolala yaubusa pakhosi si muyeso umene Baibulo limapereka. Muyeso wake ndi chilungamo, liwu lochokera ku kulungama, kuwongoka ngati chingwe cha mmisiri womanga nyumba. Aneneri ankayesa mafumu poyang'ana mlandu wa mkazi wamasiye, wa mwana wamasiye ndi wa mlendo, komanso sikelo ya pamsika. Ahabu anali ndi nyumba yachifumu, koma chimene chinamugwetsa ndi kamunda kamphesa ka Naboti.

Abusa ndi ansembe athu, mukadzaitanidwa kukatsegula msonkhano wa boma ndi pemphero, pempherani ndithu, pakuti Paulo anauza Timoteo kuti tizipempherera olamulira. Koma musanatseke Baibulo, afunseni adindo ali patsogolo panuwo kuti chopereka cha tonsefe amawerenga ali angati, ndipo kaundula wake ali kuti.