Ulendo wa ku Metangula: Zimene Mlendo Aona ndi Zimene Saona



Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mau amenewa ndinawakumbukira pamene ndinapita kukaceza ku Metangula, likulu la distrito ya Lago, m'mbali mwa Nyanja ya Niassa. Ndinapita monga apitira alendo onse: kukaona nyanja, kudya nsomba zaziwisi, kusamba pa mcenga wa ku Chuanga, ndi kubwerera kwathu. Koma tsiku laciwiri mnyamata amene anali kundiperekeza anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, azungu ndi anthu a ku Maputo akabwera amatifunsa mbiri ya kwathu kuno. Nanga tiziwauza ciani? Ine ndidziwa mtengo wa usipa basi." Ndinacita manyazi, pakuti nanenso ndinalibe zambiri zomuyankha. Funso limeneli ndilo landilembetsa nkhani ino.

Njira yotsikira kunyanja

Munthu wocokera ku Lichinga akwera chapa m'mawa atabvala juzi, cifukwa mzindawo uli pamwamba, mamita oposa 1300. Ulendo wake ndi wa makilomita oposa 100. Mukapitirira Maniamba mseu uyamba kutsika mokhotakhota, makutu atseka, ndipo mwadzidzidzi muona madzi obiriwira kutsogolo kwanu mpaka kumene maso alekezera. Nyanjayi ili pa mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja ya mcere, kotero pofika pansi juzi ija mwabvula kale. Mitengo ya paini yatsala kumapiri, tsono muona milambe, mango ndi minda ya cinangwa.

Metangula ndi tauni yaing'ono. Mbali yake ina ili pa kamtunda kolowa m'nyanja, ndipo kamtunda kameneka kapanga doko labwino. Kuyambira 1998 tauniyi ili ndi município yakeyake. Pali msika, pali macalici ndi mizikiti, pali mabwato ndi matandala oyanikapo usipa. Mlendo aziona zonsezi pa tsiku limodzi, nkumati wamaliza. Koma doko lija ndilo mutu wa nkhani yonse, pakuti amalonda a akapolo, amishoni, Kampani ndi asilikali, onse anakopeka ndi malo amene combo cingaime osaopa namondwe.

Maina amene anapindika

Tiyambe ndi dzina, popeza ndife aphunzitsi a zilembo. M'mabuku akale a amishoni malowa alembedwa Mtengula, monga momwe eni ake amachulira. Lilime la Cipwitikizi silizolowera kuyamba liu ndi "mt" kapena "ms", motero analowetsapo "e" pakati. Mtengula anasanduka Metangula, Msumba anasanduka Messumba. Kobwe naye analembedwa Cóbuè. Ngakhale dzina loti Niassa licokera ku liu la Ciyao loti nyasa, ndiye kuti nyanja, ndipo ife Anyanja dzina lathu litanthauza anthu a kunyanja.

M'zaka zomaliza za utsamunda tauniyi inkachedwa Augusto Cardoso, dzina la msilikali wa pamadzi wa ku Portugal amene anafika kunyanja kuno m'zaka za m'ma 1880 pa ulendo umene anauyamba ndi Serpa Pinto. Lichinga nayo inali Vila Cabral. Ufulu utabwera pa 25 Junho 1975 maina amenewa anacotsedwa. Ophunzira anu akuluakulu ena ali ndi zikalata zakale zobadwira zolembedwa maina acitsamundawa, ndipo cikalata cotere ndi phunziro lokwanira la tsiku limodzi.

Nthawi ya akapolo ndi malinga

Zaka za m'ma 1800 zinali zowawa m'mbali mwa nyanja. Ku Nkhotakota, tsidya lija, kunali Jumbe, mwini zombo za matanga. Zombozo zinkaolotsa minyanga ya njobvu ndi anthu ogwidwa kudza nawo ku madoko a tsidya lino, ndipo kucokera kuno ankayenda pansi kudutsa dziko la Ayao mpaka ku Kilwa. David Livingstone, amene anaona nyanjayi koyamba mu 1859, anadzeranso njira yomweyi mu 1866: anakhala kwa mfumu Mataka ku Mwembe, natsikira kugombe la kum'mawa mwezi wa Agosto.

Kucokera kumpoto kunkabweranso nkhondo za Angoni, amene anthu ankawachula Magwangwara. Anyanja anasiya midzi yaing'onoing'ono, naunjikana m'midzi ikuluikulu yozingidwa ndi malinga pafupi ndi madzi, kuti nkhondo ikafika athawire m'mabwato kapena m'bango. Mukaona midzi ya kugombe itandandalika motsatira mcenga, mapiri ali kumbuyo, kumbukirani kuti si nsomba zokha zimene zinaikapo makolo athu. Mantha nawonso anathandizira.

Sukulu yoyenda pamadzi

Apa ndi pamene mbiri ya Metangula ikhudzana ndi nchito yathu. Mu 1882 ansembe awiri a mishoni ya Anglikani ya UMCA, William Percival Johnson ndi Charles Janson, anafika pagombe lino wapansi. Janson anadwala namwalira caka comweco. Johnson anaona kuti midzi ya kugombe ndi yobvuta kuifikira pamtunda, cifukwa mapiri afika mpaka m'madzi, natsimikiza kuti mishoni ifunika sitima. Sitimayo inabwera zidutswazidutswa kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, inalumikizidwa ku Matope, ndipo anaicha Charles Janson. Mu 1885 mishoni inakhazikika pa cilumba ca Likoma.

Nchito inkayenda motere: sitima ifika pamudzi, isiya mphunzitsi ndi masileti, ipita mudzi wina, ndipo ikabwerera wansembe ayesa ana, acita mapemphero, napereka mankhwala. Aphunzitsi oyamba ambiri anali anthu oomboledwa ku ukapolo amene anaphunzira ku Zanzibar. Mmodzi wa iwo ndi Augustine Ambali, amene anatumikira zaka zambiri ku Msumba, nakhala wansembe, nalemba buku la moyo wake lochedwa Thirty Years in Nyasaland. Wina woyenera kumdziwa ndi Yohana Abdallah, wansembe Myao wa ku Unangu, amene buku lake la mbiri ya Ayao linasindikizidwa mu 1919. Taonani abale, zaka zoposa 100 zapitazo ana a Afrika anali kulemba kale mbiri ya dera lino ndi manja awo.

Mu 1895 Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma, anamira m'nyanja ndi namondwe asanafike pa mpando wake. Sitima yaciwiri ya mishoni, imene inayamba kuyenda mu 1901, inachedwa dzina lake, ndipo m'kati mwake munali malo ophunzirira, opempherera ndi ogonekamo odwala. Johnson, ngakhale maso ake anaonongeka ndi matenda, anapitiriza kumasulira Mau a Mulungu, ndipo Baibulo la m'Cinyanja ca kunyanja linatuluka mu 1912. Iye anamwalira mu 1928 ku Liuli, m'dziko limene lero ndi Tanzania.

Mlendo amene apitirira Chuanga kulowera kumpoto afika ku Messumba, kumene kuli calici cacikulu ca mishoni. Sukulu ndi cipatala ca pamenepo zinatulutsa aphunzitsi, anamwino ndi atsogoleri ambiri. Brazão Mazula, amene anatsogolera bungwe loyendetsa cisankho coyamba ca zipani zambiri mu 1994, anabadwira komweko.

Malire ndi Kampani

Mlendo akaima ku Cóbuè aona Likoma pafupi kwambiri, koma akauzidwa kuti cilumbaco ndi ca Malawi adabwa. Cifukwa cake ndi pangano la 1891 pakati pa Britain ndi Portugal: gombe la kum'mawa linapatsidwa kwa Apwitikizi, koma Likoma ndi Chizumulu zinatsala kwa Angelezi popeza mishoni yawo inali pomwepo. Pangano lina la 1954 ndilo linapatsa Moçambique gawo la madzi a nyanja. Motero abale a mimba imodzi anakhala a maiko awiri, wina alemba Cingelezi, wina Cipwitikizi, koma pamaliro alira m'cinenero cimodzi.

Boma la Portugal silinalamulire lokha dera lino poyamba. Linapereka Niassa ndi Cabo Delgado m'manja mwa Companhia do Niassa, imene inalamulira mpaka 1929, ndipo Mtengula unali umodzi wa malo ake oyang'anira kunyanja. Phindu la Kampani linkacokera makamaka ku msonkho wa nyumba ndi ku thukuta la anthu. Asipayi ankayenda m'midzi kugwira osakhoma msonkho, ndipo mabanja ambiri anathawira ku Nyasaland ndi ku Tanganyika. Mau monga cibalo ndi mbalamatodya agogo athu sanawaphunzire m'buku ai.

Nkhondo ziwiri

Nkhondo ya ufulu inayamba mu Setembro 1964, ndipo mu Niassa mfuti zoyamba zinalira m'distrito yomweyi ya Lago, ku Cóbuè. Apwitikizi anasandutsa Metangula kukhala malo a asilikali a pamadzi. Maboti awo ankhondo anabwera pa njanji kucokera kugombe la nyanja ya mcere mpaka ku Catur, kenaka pa magalimoto mpaka ku Meponda, kumene anawatsitsira m'madzi. Anthu zikwizikwi anaoloka kupita ku Likoma ndi ku Malawi, ena ku Tanzania, ena analowa m'thengo ndi Frelimo, ndipo otsala anaunjikidwa m'midzi ya mpanda yochedwa aldeamentos. Apolisi a PIDE ankakayikira kwambiri anthu a mishoni ya Messumba, ndipo anamanga aphunzitsi ndi ansembe. Mmodzi wa omangidwawo, Paulo Litumbe, ndiye anadzakhala bishopu woyamba wa Dayosizi ya Niassa mu 1980.

Mu Julho 1975 boma latsopano linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni. Pambuyo pake panadza nkhondo yapaciweniweni, ndipo anthu anathawanso kaciwiri, mpaka mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992. M'zaka zimenezo mabuku a ubatizo, makaundula a sukulu ndi makalata ambiri anapsa, ena anadyedwa ndi ciswe. Nciani catsala? Catsala ndi cimene cili m'mitu ya akuluakulu, ndipo akuluakuluwo tili kuwaika m'manda caka ndi caka.

Malo a asilikali a pamadzi alipobe, tsopano ndi a dziko lathu, ndipo mlendo wanzeru sajambula zithunzi pafupi ndi mpanda wawo. Mu 2011 boma linalengeza mbali yathu ya nyanja kukhala malo otetezedwa, cifukwa nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse. Ici ndi cimodzi ca zinthu zimene zikopa alendo.

Nchito imene yatsalira ife

Tsono abale, mlendo adzabwera ndithu, tifune tisafune. Akapeza anthu osadziwa mbiri yawo adzajambula mcenga ndi ana osamba, nakalemba yekha zimene aganiza, ndipo adzukulu athu adzawerenga za kwawo m'mau a munthu amene anagona kuno masiku atatu. Ine ndemwe ndinali mlendo wotere. Zimene ndalemba pamwambapa zicokera makamaka m'zolemba za amishoni ndi za boma. Muli maina a mabishopu ndi a masitima, koma mulibe dzina la mai amene anabereka mwana m'bwato usiku pothawira ku Likoma, mulibenso mau a Asilamu a ku Metangula, amene makolo awo anali kulemba ndi zilembo za Ciarabu.

Ndipempha kalasi iliyonse ya m'mbali mwa nyanja, ngakhalenso ya kumtunda, icite zinthu izi. Coyamba, gulani kope limodzi losakhala la munthu, likhale la kalasi yonse. Caciwiri, ophunzira alembe maina a midzi, mitsinje, madoko ndi miyala ya m'nyanja monga momwe amawachulira, pambali pake alembe momwe boma lilembera. Woyamba kumene angathe kulemba liu limodzi, ndipo adzakondwa kuona dzina la doko la atate ake litatuluka m'dzanja lake. Cacitatu, itanani agogo mmodzi mwezi uliwonse, amuna ndi akazi omwe, Akristu ndi Asilamu omwe. Afunseni zinthu zogwirika: msonkho unali ndalama zingati, anaoloka ndi bwato la yani, mphunzitsi wawo woyamba anali ndani. Lembani tsiku, dzina la mudzi, ndi dzina la wolankhula ngati iye wabvomera. Za nkhondo musakakamize munthu. Wina akakhala cete, mlekeni, mwina adzanena tsiku lina. Potsiriza muwawerengere zimene mwalemba kuti akonze polakwika, ndipo kopelo musunge m'bokosi lacitsulo, kutali ndi ciswe ndi mvula.

Ndisanakwere chapa cobwerera ku Lichinga ndinamfunsa mnyamata uja ngati agogo ake ali moyo. Anati alipo agogo akazi, ndipo anakhala ku Likoma zaka khumi pa nthawi ya nkhondo yoyamba, koma iye sanawafunsepo kanthu. Ndinamsiyira kope ndi bolopeni. Inunso mukadzaza masamba angapo, tumizani kwa akonzi a nyuzi ino kudzera kwa abusa kapena ansembe a kwanu, kuti makalasi ena awerenge nawo. Ambuye akudalitseni pa nchito yanu.