Mbiri ya Mphotho Zolemekeza Akatswiri a Saikoloje

Saikoloje, yomwe ndi sayansi yofufuza maganizo ndi khalidwe la anthu ndi nyama, inabadwa mochedwa poyerekeza ndi sayansi zinzake, pakuti olemba mbiri ambiri amawerengera chiyambi chake ku chaka cha 1879, pamene Wilhelm Wundt anakhazikitsa labotale ya phunziroli mu mzinda wa Leipzig ku Germany. Pamene Alfred Nobel ankalemba wilu yake mu 1895, anagawa chuma chake ku fizikisi, kemisitile, zamankhwala ndi kagwiridwe ntchito ka thupi, zolembalemba ndiponso mtendere, koma phunziro latsopanoli sanalitchule, ndipo zotsatira zake zinaoneka posakhalitsa. Ivan Pavlov wa ku Russia, amene dziko limamukumbukira chifukwa cha agalu ake omwe ankachucha dovu akangomva chizindikiro choti chakudya chikubwera, analandira mphotho ya Nobel mu 1904 kaamba ka kafukufuku wa momwe chakudya chimagayikira m'mimba, pomwe Sigmund Freud, ngakhale dzina lake linaperekedwa kangapo, sanailandirepo, ndipo ulemu waukulu umene anaupeza ali moyo unali mphotho ya Goethe ya mzinda wa Frankfurt mu 1930, imene imapatsidwa kawirikawiri kwa olemba mabuku. Choncho akatswiri a saikoloje anayenera kudzipangira okha njira zolemekezerana, ndipo pochita zimenezi ankagamulanso, mozindikira kapena ayi, ntchito imene ikuyenera kutchedwa sayansi ndiponso munthu amene akuyenera kuwerengedwa ngati mnzawo.

Imodzi mwa mphotho zakale kwambiri inachokera ku kagulu kamene Edward Titchener, wophunzira wa Wundt yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Cornell, anakayambitsa mu 1904 kuti akatswiri ochita zoyesayesa m'malabotale azikumana kukambirana ntchito yawo momasuka. Titchener sankalola akazi pa misonkhanoyo, ndipo khomo linatseguka iye atamwalira mu 1927, pamene kaguluko kanakonzedwanso mu 1929 n'kutenga dzina loti Society of Experimental Psychologists, n'kulandira Margaret Floy Washburn ndi June Etta Downey. Bungweli linayamba kupereka mendulo yokumbukira Howard Crosby Warren mu 1936, ndipo oyamba kuilandira anali Ernest Glen Wever ndi Charles Bray, amene anapeza kuti khutu lamkati la mphaka limatulutsa mphamvu ya magetsi yotsanzira phokoso lomwe lalowamo. Kusankha kumeneku kukusonyeza chimene bungwelo linkachiona ngati sayansi yeniyeni: chinthu choti n'kuchipima ndi makina, chimene wofufuza wina angachibwereze n'kupeza zofanana.

Mphotho imene inadzakhala yotchuka koposa inakhazikitsidwa ndi American Psychological Association, bungwe lomwe linayamba mu 1892 pa yunivesite ya Clark, G. Stanley Hall ali mtsogoleri wake woyamba. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inasintha bungweli kwambiri, chifukwa asilikali ambiri anabwerera kwawo atavulala m'maganizo, boma la America n'kuyamba kuthira ndalama zophunzitsira opereka uphungu ndi chithandizo, moti bungwe lomwe poyamba linali la aphunzitsi a m'mayunivesite linadzaza ndi anthu ogwira ntchito m'zipatala, makamaka litaphatikizana ndi bungwe la akatswiri oterewa mu 1945. Munali m'nyengo imeneyi, pamene ofufuza ankada nkhawa kuti mawu awo ayamba kumira, momwe bungweli linayamba mu 1956 kupereka mphotho yolemekeza ntchito yopambana pa sayansi ya saikoloje, kawirikawiri kwa anthu atatu chaka chilichonse, ndi kusindikiza zifukwa zowasankhira pamodzi ndi mbiri yawo m'magazini yake ya American Psychologist.

Atatu oyambawo ndi ofunika kuwayang'anitsitsa, chifukwa anali anthu osagwirizana ngakhale pa tanthauzo la phunziro lawo. Kenneth Spence wa ku Iowa anali wa gulu lokhulupirira kuti sayansi iyenera kungophunzira khalidwe looneka ndi maso, n'kufotokoza kuphunzira konse ndi malamulo olembedwa mwa masamu. Wolfgang Köhler, yemwe anachoka ku Germany mu 1935 atatsutsa poyera ulamuliro wa Hitler, anali mmodzi wa oyambitsa gulu la Gestalt, lomwe linkaphunzitsa kuti maganizo amaona chinthu chathunthu asanaone zidutswa zake, ndipo anali ataonetsa pa chilumba cha Tenerife kuti anyani a mtundu wa chimpanzi amatha kulumikiza ndodo ziwiri kuti akokere nthochi, ngati kuti yankho lawatulukira mwadzidzidzi. Carl Rogers anali mlangizi wa anthu ovutika mumtima, amene ankati wothandizidwayo ndiye ayenera kutsogolera zokambirana, ndipo chimene chinamupezetsa malo pakati pa ofufuza chinali chakuti anayamba kujambula mawu a zokambiranazo kuti zitheke kuzipima ndi kuona ngati uphungu umathandizadi. Powaika pamodzi anthu atatu amenewa, oweruza anapewa kupatsa gulu limodzi umwini wa phunziro lonse, ndipo nzeru imeneyi ndiyo inapatsa mphothoyi ulemu umene ikadausowa ikadakhala chida cha mbali imodzi pa mkangano.

Amene angawerenge mayina a zaka zotsatira amaona phunziroli likutembenuka pang'onopang'ono. B. F. Skinner, mtsogoleri wa ophunzira khalidwe looneka, analemekezedwa mu 1958, koma pofika 1963 mphotho inapita kwa George Miller, yemwe anafufuza kuchuluka kwa zinthu zimene munthu angasunge m'mutu pa kanthawi kochepa, mu 1969 inapita kwa Jean Piaget wa ku Switzerland, wofufuza kakulidwe ka nzeru za ana, ndipo mu 1984 inafika kwa Noam Chomsky, katswiri wa zinenero amene mu 1959 anatsutsa mwamphamvu buku la Skinner lofotokoza momwe munthu amaphunzirira kulankhula. Kangapo oweruza ake anatsogola komiti ya Nobel ndi zaka zambiri: Herbert Simon analemekezedwa mu 1969 asanalandire mphotho ya zachuma yokumbukira Nobel mu 1978, Roger Sperry mu 1971 asanalandire ya zamankhwala mu 1981, ndipo Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, amene anasonyeza kuti anthu amalakwitsa mobwerezabwereza poyerekeza mwayi ndi ngozi, analemekezedwa limodzi mu 1982. Pamene Kahneman ankalandira ya zachuma mu 2002, Tversky anali atamwalira mu 1996, ndipo popeza mphothoyo sipatsidwa kwa omwalira, ulemu wa 1982 uja ndi umodzi mwa maumboni osonyeza kuti ntchitoyo inali ya anthu awiri.

Komabe mndandanda womwewo uli ndi mipata imene singadutsidwe osainena. M'zaka khumi zoyambirira, kuchokera 1956 mpaka 1965, anthu 30 analemekezedwa ndipo onse anali amuna, ngakhale kuti akazi anali m'phunziroli kuyambira pachiyambi, monga Mary Whiton Calkins, amene yunivesite ya Harvard inamumana digiri ya udokotala atakwaniritsa zonse zofunika, koma n'kudzasankhidwa kutsogolera bungwe la American Psychological Association mu 1905. Mkazi woyamba kulandira mphothoyi anali Nancy Bayley mu 1966, amene anatsatira kakulidwe ka ana obadwira ku Berkeley kuyambira 1928, ndipo miyeso yake yopimira makanda ikugwiritsidwabe ntchito m'maiko ambiri. Nkhani ya Eleanor Gibson ikuonetsa bwino gwero la vutoli. Iye, pamodzi ndi Richard Walk, anapanga thebulo la galasi lokhala ngati lili ndi phompho pofuna kuona ngati makanda okwawa amazindikira kuya, koma chifukwa cha lamulo loletsa mwamuna ndi mkazi wake kukhala aphunzitsi pa yunivesite imodzi, anakhala ku Cornell kuyambira 1949 ali wofufuza wopanda mpando wa uphunzitsi, mpaka anadzakhala pulofesa mu 1966. Mwamuna wake, James Gibson, analandira mphothoyi mu 1961, iye mu 1968. Oweruza ankasankha pakati pa anthu okhala ndi malabotale, ophunzira ndi mipando, moti aliyense amene anamanidwa zimenezi anali atatsala kale m'mbuyo dzina lake lisanafike n'komwe pa tebulo lawo.

Kusamvana kwa ofufuza ndi opereka chithandizo kunafika pachimake mu 1988, pamene ofufuza ambiri anayambitsa bungwe lawolawo, lomwe kuyambira 2006 limatchedwa Association for Psychological Science, ndipo nalonso linakhazikitsa msanga mphotho yake yotchedwa ndi dzina la William James. Nayonso yunivesite ya Louisville inayamba kupereka mphotho yake ya Grawemeyer pa saikoloje mu 2001.

Funso lovuta kwambiri lakhala la ulemu woperekedwa kwa munthu amene ntchito kapena maganizo ake adzapezeka ndi banga. Cyril Burt wa ku Britain anapatsidwa dzina laulemu la Sir mu 1946, koma atamwalira mu 1971, Leon Kamin ndi ena anasonyeza kuti manambala ake a mapasa oleredwa kosiyana, omwe ankachirikiza mfundo yoti nzeru n'zobadwa nazo, anali okayikitsa kwambiri, ndipo ngakhale ena amuikira kumbuyo, ofufuza anasiya kuwadalira. Mu 1997 American Psychological Foundation inaimitsa mwambo wopatsa Raymond Cattell mendulo yagolide, anthu atadandaula ndi zolemba zake zokhudza mitundu ya anthu ndi kusankha oyenera kubereka. Iye anakana kuti anali watsankho, anachotsa dzina lake, n'kumwalira kumayambiriro kwa 1998. Milandu imeneyi inakakamiza mabungwe kuvomereza kuti mendulo imavomerezanso zotsatira za ntchito pa miyoyo ya anthu, ndipo mu 2021 American Psychological Association inapepesa poyera chifukwa cha mbali imene phunziroli linatenga polimbikitsa tsankho, patatha zaka 50 kuchokera pamene Kenneth Clark anakhala mtsogoleri wake woyamba wakuda, yemwe kafukufuku wake ndi mkazi wake Mamie Phipps Clark, wogwiritsa ntchito zidole, anatchulidwa pa chigamulo cha khoti cha 1954 chothetsa tsankho m'masukulu a ku America.

Mpata wina, womwe mphothozi sizinautsekebe, ndi wa anthu ofufuzidwawo. Jeffrey Arnett anawerengera mu 2008 kuti m'magazini akuluakulu a phunziroli anthu 68 mwa 100 aliwonse ofufuzidwa anali a ku America, ndipo 96 mwa 100 anali a maiko olemera a azungu, kumene kunkakhala anthu 12 okha mwa 100 a dziko lonse. Izi zikutanthauza kuti zambiri zimene zalemekezedwa monga malamulo a maganizo a munthu zinayesedwa pa chigawo chochepa cha anthu. Kafukufuku wa Robert Serpell wa pa yunivesite ya Zambia, amene anamuyamba m'zaka za m'ma 1970 pakati pa Achewa a m'boma la Katete, anasonyeza kuti akuluakulu a kumudzi poyesa nzeru za mwana sayang'ana kuchenjera kokha, koma amayang'ananso ngati mwanayo ndi wotumika ndi wodalirika pa ntchito za pakhomo, zomwe mayeso a nzeru opangidwa ku Ulaya ndi ku America sanapangidwe kuti azipime.