Lupsa

Lupsa ndi tchire limene moto wadutsamo m'chilimwe n'kusiya phulusa lokhalokha. Mawuwa anachokera ku mneni woti "kupsa".

Anthu akamasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba mu Ogasiti, madambo ambiri a kumeneko amakhala atasanduka kale lupsa. Moto ukamayaka, akabawi amazungulira mu utsi kuwakha ziwala zothawa. Ukazima, mauna a mbewa amaonekera poyera, anyamata n'kufikapo ndi makasu. Pakapita masabata angapo, msipu wanthete umaphuka mvula isanagwe, ng'ombe ndi agwape n'kupeza chakudya.

Koma moto wa mu Okutobala ndi woopsa. Umapha mitengo ing'onoing'ono ndi kusiya nthaka yopanda chofunda, mvula yoyamba n'kuikokolola. Tisamatenthe tchire mwachisawawa.