Bwalo Limodzi la Ana Onse: Mbiri ya ku Utale

Utale ndi dera la m'boma la Balaka, limene linapatulidwa ku Machinga m'caka ca 1998. Ansembe a Montfort anafika kumeneko m'caka ca 1908, ndipo pambuyo pace anamanga mudzi wosungiramo odwala khate.

Masiku amenewo khate linali kuopedwa kwabasi. Wodwala anali kudyera m'mbale yaceyace, ndipo kawirikawiri ana ace omwe anali kupewedwa pa masewera. Ku Utale odwalawo anapeza cakudya ndi mankhwala, koma anali kutali ndi abale ao.

M'caka ca 1981 bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi linabvomereza mankhwala ophatikiza amene amaciza khate. Munthu akayamba kumwa mankhwalawo sapatsiranso anzace. Pofika 1994 odwala m'Malawi anacepa kufikira osakwana mmodzi pa anthu 10,000, ndipo anali kulandira mankhwala ali kwao. Motero cifukwa cowapatula cinatha.

Ana olumala nawonso anayenda njira yomweyi. Poyamba anali kuphunzira paokha, monga pa sukulu ya akhungu ya Chilanga ku Kasungu, imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950. Kuyambira 1968 koleji ya Montfort ku Nguludi inaphunzitsa aphunzitsi othandiza ana otere m'sukulu za onse. M'caka ca 2003 boma linalemba ndondomeko yolerera ana aang'ono, ndipo lamulo la 2012 linaletsa kutsekereza munthu maphunziro cifukwa ca kulumala.

Koma lamulo silifika lokha pabwalo la sukulu ya mkombaphala. Kumeneko mwana wa zaka zinai amaphunzira ndi thupi lace: kuponya, kuwakha, kubvina. Mwana wolumala akasiyidwa pakhonde, miyendo ndi manja ace zimalimba osaongoka, ndipo anzace amazolowera kumuona ngati mlendo.

Mlezi wanzeru amasintha masewerawo, osacotsa mwana. Wakhungu amampatsa mpira wa maseche mkati kuti aumve kumene ukupita. Wosamva amamkwezera nsaru m'malo moimba mluzu. Ngati wina sayenda, onse amakhala pansi mozungulira nakunkhunizirana mpira.

Anthu a ku Utale anaona ndi maso ao kuti kupatula munthu kumautsa mantha, ndi kuti manthawo amatha anthu akakhalira pamodzi. Tsono makolo a mwana wolumala asambise m'nyumba. Apite naye pabwalo pamene pali anzace.